Anthu 20, thumba la crawfish ndi apongozi ochokera ku Dedza: ndithandizeni

Make Tadala, Houston

Moni nonse m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani ya kukhitchini, musandiseke.

Apongozi anga aakazi afika kuchokera ku Dedza, abwera kudzaona mdzukulu. Bambo a kunyumba akuti Loweruka lomaliza la April tiitane anzathu adzawalonjere, anthu ngati 20 kuphatikiza ana. Iwo amati tingowotcha nkhuku ndi soseji monga mwa nthawi zonse, koma ine ndatopa nazo. Nyumba iliyonse ya Mmalawi kuno ukapita, ndi nkhuku yomweyo, saladi wa kabichi yemweyo. Ndiye ndaganiza zophika seafood boil, ija ya anthu a ku Louisiana, popeza ino ndi nyengo ya crawfish, tizilombo ta m'madzi ta chigoba ta mtundu wa nkhanu, ndipo masitolo a kuno apachika kale zikwangwani.

Ndinadyapo kwa mnzanga wa kuntchito, kwawo ndi ku Lafayette, ku Louisiana komweko. Anayala nyuzipepala patebulo lalitali kuseri kwa nyumba, amuna awiri n'kunyamula chisefa cha m'poto n'kukhuthula zonse pomwepo: crawfish zofiira psuu, chimanga, mbatatesi, soseji, mitu ya adyo yathunthu, nthunzi ili tolotolo. Panalibe mbale, panalibe foloko. Tonse tinaima mozungulira, manja ali noninoni, mphuno zikuchucha ndi tsabola. Chimene chinandigwira mtima n'choti mayi wa pakhomopo sanali kukhitchini akukazinga izi ndi izo alendo akuseka panja. Anali nafe patebulo, akusenda zake.

Koma kudya ndi kuphika n'zosiyana. Ndigule zochuluka bwanji? Choyamba kulowa m'poto n'chiyani? Nanga poto wake ndi wamkulu bwanji, chifukwa wanga wamkulu kwambiri ndi uja ndimaphikira nyemba.

Chinanso, apongozi ndawaonetsa chithunzi pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Kodi a make Tadala, ku America kuno mumadya zinkhanira?" Ndiye mukuona pamene ndaima.

Bambo a Yamikani, Baton Rouge

Alamu, mwafunsa pamalo pake. Kuno kuyambira March mpaka May kulibe Loweruka limene simumva fungo la boil likutuluka kuseri kwa nyumba za anthu.

Tiyambe ndi kugula. Crawfish amazigulitsa zamoyo m'thumba la ukonde, ndipo thumba limodzi limalemera mapaundi 30 mpaka 35, kunena kwake makilo 14 kapena 16. Eni dera amawerengera mapaundi 3 mpaka 5 pa munthu mmodzi, chifukwa chodyedwa ndi kamchira kokha, zina zonse ndi chigoba. Koma amenewo ndi anthu obadwira momwemo, osenda uku akucheza osayang'ana n'komwe manja. Amalawi 20, ambiri mwa iwo akuona chinthuchi koyamba, thumba limodzi likwana. Muwonjezere shrimp, abale ake a crawfish a m'nyanja ya mchere, mapaundi 6 kapena 8, ndi mbatatesi zazing'ono zofiira zambirimbiri, chifukwa wathu akatopa ndi kusenda amathamangira mbatatesi.

Thumbalo muuziretu ogulitsa masiku angapo tsiku lisanafike, mukalitenge m'mawa wa tsiku lomwelo. Mukafika nalo, pamthunzi, mu cooler box yosatsekeratu, pamwamba chiguduli chonyowa ndi aisi pang'ono. Musaziviike m'madzi n'kuzisiya momwemo, zimafa posowa mpweya.

Potsuka, khuthulirani m'beseni lalikulu, thirani madzi a papaipi, takasani pang'onopang'ono, tayani madziwo, bwerezani mpaka atayera. Zambiri zimawetedwa m'minda ya mpunga imene alimi amaidzaza madzi akatha kukolola, ndiye matope simungawasowe. Wina adzakuuzani kuti thirani mchere kuti zisanze za m'mimba. A LSU AgCenter, ofufuza za ulimi a pa yunivesite ya kuno, anayesa zimenezo, anapeza kuti mcherewo suthandiza kanthu kwenikweni. Madzi oyera basi. Zimene zafa kale, zophwanyika kapena zonunkha, tolani mutaye.

Poto wa nyemba uja muiwale. Thumba lathunthu limafuna poto wa ma quart 80, malita ngati 75, wokhala ndi chisefa chake mkati, ndi mbaula ya gasi ya panja. Pa sitovu ya m'nyumba madzi amenewo mudzawadikira mpaka alendo atabwerera kwawo. Musagule, bwerekani kwa mnzanu wa ku Lafayette uja, palibe munthu wa kumeneko amene alibe.

Madzi afike pakati pa poto. Thiranimo zokometsera zogula, kuno ambiri amagwiritsa ntchito Zatarain's ya ku New Orleans, kampani yake inayamba mu 1889, ndipo pa paketi amalemba muyeso wa thumba limodzi. Finyiranimo mandimu ndipo makoko ake muponyemo, anyezi odula pakati, mitu ya adyo yodula pamwamba. Zikawira, lawani. Madziwo akhale owawa mchere ndi tsabola moti mutsokomole. Mukalawa n'kumati "aa, ali bwino ngati msuzi", ndiye kuti achepa mphamvu, chifukwa chigoba chimatchinga.

Mbatatesi ndizo zimayamba, mphindi 10 mpaka 15. Kenaka soseji yodula zidutswazidutswa. Kenaka crawfish zonse nthawi imodzi, tsekani, moto wonse. Madzi akayambanso kubwata muwerenge mphindi 3 mpaka 5 zokha, n'kuzimitsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, alamu, ndipo ndi pamene anthu aphuma amalakwitsa. Kuwira kumangopsetsa, kukoma kumalowa pokhalitsa m'madzi moto utazima. Mukazimitsa, ponyanimo chimanga chochokera mu friza chili chouma gwa, kuti chitsitse kutentha kwa madzi. Shrimp nazo zilowe pomwepo, kutentha kotsalako kukwanira, zikangofiira n'kupindika zapsa. Mukaziwiritsa pamodzi ndi mbatatesi mudzatafuna mphira. Ndiye siyani zikhale mphindi 20 mpaka 30. Poyamba crawfish zimayandama, kenaka zimayamba kumira chifukwa zamwa madzi aja. Pakapita mphindi 5 zilizonse tolani imodzi mulawe. Lilime lanu likavomera, tukulani chisefa, chikhe madzi, khuthulani.

Anti a ku South Bend

Mwana wanga, zophikazo achimwene afotokoza bwino, ine sindizidziwa ndipo sindidzazidziwa. Ndingokufunsa chimodzi: mwa anthu 20 amenewo, a Seventh Day ndi angati? Chifukwa pamene pasonkhana Amalawi kunja kuno, sitilephera kupezekapo.

Ifetu za m'madzi timadya zokhala ndi zipsepse ndi mamba zokha, monga mwa Levitiko 11. Nkhanu ayi, shrimp ayi, crawfish zakozo ayi. Soseji ya andouille imene amaikamo ndi ya nkhumba. Ndipo usaganize kuti udzangotitolera chimanga ndi mbatatesi za m'poto momwemo, zamwa msuzi womwewo. Ndinapitapo pa phwando lotere kwa anzathu ena, ndinabwerako nditadya buledi ndi chivwende, ndikumwetulira kuti mwini nyumba asachite manyazi. Kufika kunyumba ndinayamba ndatereka madzi a nsima ndisanavule nsapato.

Ngati pali Asilamu, a ku Mangochi kapena ku Machinga, nkhumbayo ndi vuto lomwelo. Za nkhanuzo uwafunse okha, amasiyana.

Komanso waika Loweruka. Sabata limatha dzuwa likalowa, ndipo kumapeto kwa April kwanuko dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo. Adzafika ana atagona.

Ndiye ine ndikanati Lamulungu masana, ndipo pakhale poto wachiwiri, wamng'ono, chipande chakechake. Zokometsera zomwezo, chimanga, mbatatesi, soseji ya ng'ombe kapena ya nkhukundembo, mazira owiritsa osenda. Pambali uwotche tilapia, imapezeka paliponse ndipo ndi mbale wake wa chambo. Apongozi akonso adzathawira komweko, uone.

Namwino wa ku Baltimore

Ndiwonjezere pa mawu a anti. Funsani aliyense pomuitana ngati thupi lake limadana ndi shrimp kapena nkhanu. Ambiri a ife tinakulira pa usipa ndi utaka, sitinadyepo za m'nyanja ya mchere, ndiye munthu sadziwa n'komwe. Wina akayamba kuyabwa pakhosi, milomo kutupa, zidzolo, kubanika, musamupatse madzi n'kumati zisiya. Imbani 911, nambala ya zangozi. Ena ngakhale nthunzi ya potoyo imawayambitsa, choncho amene akudziwa kale vuto lake akhale kutali ndi mbaula.

Chachiwiri, zophikazo zisakhale patebulo kupitirira maola awiri. Kunja kukatentha kupitirira 90°F (32°C), ola limodzi lokha. Zotsala, mu friji.

Tsopano ndivule yunifolomu. Achimwene a ku Baton Rouge, kuno ku Maryland nkhanu sitimiza m'madzi. Blue crab timaisanja pamwamba pa chisefa, pansi madzi pang'ono, viniga ndi mowa, n'kuwaza zokometsera pa mzere uliwonse, ipse ndi nthunzi. Nyama imatuluka yolimba bwino. Zokometsera zake ndi Old Bay, ya kuno ku Baltimore, anaiyambitsa Gustav Brunn, Myuda amene anathawa kuchoka ku Germany, cha m'ma 1939. Make Tadala, muwazeko pang'ono pa chimanga cha ana, siwawa ngati ya ku Louisiana.

Mjomba wa ku Beira

Ine ndikungowerenga n'kumagwira pakamwa. Camarão, shrimp yanuyo, wabwinobwino kumuponya m'madzi? Kuno timamung'amba pamsana, adyo, mandimu, piripiri, pamakala, basi. Koma poti muli kwa eni, chitani za eni. Mitu musataye, muphikire msuzi wa mpunga.

Make Tadala, Houston

Zikomo nonse, mwandichotsa m'tchire.

Anti, mwalasa. Nditakhala pansi ndi mndandanda wa oitanidwa ndapeza mabanja awiri a Seventh Day, ndi mnyamata wina wa ku Mangochi amene amaphunzira kuno. Tasuntha, zikhala Lamulungu 2 koloko, a CCAP ndi a Katolika akhale ataweruka. Poto wachiwiri ndi wanga wa nyemba uja, wapeza ntchito. Soseji ndangoganiza zogula ya ng'ombe ya mapoto onse awiri, kuti pasakhale kufunsana kuti iyi yachokera kuti.

Mnzanga wa ku Lafayette wavomera kubwereketsa poto ndi mbaula, ndipo akuti abwera yekha adzaime pamoto, chifukwa sakhulupirira kuti munthu wophika koyamba angapirire mphindi 25 osatukula chisefa. Bambo a kunyumba apuma, amaopa gasi.

Nkhani ya nsima ndiyo yatenga nthawi. Ine ndimati tsiku limodzi lokha tidye za eni dera momwe amadyera, m'poto muli kale chimanga ndi mbatatesi, nsima ya chiyaninso. Apongozi anangoti, "Alendo anga adzabwera kudzandiona, n'kubwerera osadya?" Ndinati amayi, adya, mapaundi 35. Anati, "Ndamva. Koma osadya?" Ufa anabwera nawo okha m'chikwama, woyera wa kumudzi, ndiye aphika okha, ndi tilapia ija ndi masamba otendera. Sindinatsutsenso. Ndipo kunena zoona ndikufuna ndidzaone munthu woyamba amene adzasunse mbamu ya nsima mu msuzi wa crawfish, chifukwa ndikudziwa kuti adzapezeka.

Funso lotsala. M'malesitilanti a anthu a ku Vietnam kuno ku Houston amazipereka m'thumba la pulasitiki, zosambira mu batala ndi adyo. Zimenezo zimathiridwa m'poto momwemo kapena pambuyo? Ana anga amakonda zimenezo kuposa zowawa.

Bambo a Yamikani, Baton Rouge

Pambuyo, alamu. Imeneyo amaitcha Viet-Cajun, ndipo kwanu ku Houston ndiko kuchimake. Anthu a kuno ena amaipsera mtima, amati kukoma kuzikhala mkati mwa chigoba osati kunja, koma ine ndimadya ndithu. Sungunulani batala pa moto wochepa, adyo wosinja wambiri, asapserere, zokometsera zija supuni ziwiri, madzi a mandimu kapena a lalanje, ndi lemongrass ngati mwamupeza, yemwe uja timathira mu tiyi kwathu. Tapani gawo la crawfish ndi shrimp zikangotuluka m'poto, ikani m'beseni, thirani batalayo, vundikirani n'kukhutchumula. Zinazo zisiyeni momwe zilili, anthu asankhe okha.

Musanakhuthule, muimike anthu muwaphunzitse kusenda, apo ayi theka la thumba lipita kudzala nyama ili momwemo. Dzanja lina ligwire mutu, lina mchira, potokolani, zilekana. Chotsani timakoko tiwiri toyamba ta mchira, tsinani kumapeto, nyama ituluka yokha. Olimba mtima ayamwe mutuwo, ndimo muli msuzi. Apongozi musawakakamize, muwasendere michira isanu muike pambali pa nsima yawo, osanena kanthu.

Pansi pa nyuzipepala yalani pulasitiki, kuti pomaliza mungokulunga zonse pamodzi. Ikani mapepala opukutira m'manja ambiri, ndi beseni la madzi a mandimu, ndipo ana muwauze asagwire m'maso. Botolo la gasi likhale lodzaza, lina lapadera pambali. Michira yotsala musende usiku womwewo muike mu friji, mawa lake mukazinge ndi anyezi ndi tomato, ndi ndiwo zabwino kwambiri.

Zigoba zokha musazisiye m'bini ya panja kudikira galimoto ya zinyalala. Ndi kutentha kwa ku Houston, pofika Lachiwiri aneba adzakhala atakudziwani dzina. Mangani m'matumba awiri, ponyani mu friza, mudzatulutse m'mawa wa tsiku lotolera.