Za mawu aja akuti rehire, nazi zomwe ndapeza

Sabata yatha ndinafunsa tanthauzo la "eligible for rehire", mawu omwe analembedwa pa kalata ya alamu anga atamaliza ntchito ya nyengo yogula thonje kuno ku Chipata. Zikomo nonse amene munayankha.

Rehire ndi kulembanso munthu ntchito. Kachidutswa ka re- kanachokera ku Chilatini, ndipo kamagwira ntchito ngati -nso wathu uja. Hire ndi mawu akalekale a Chingerezi onena za malipiro kapena kubwereka chinthu molipira. Ndi komwe tinatenga "hayala", monga tikamati minibasi ya hayala yopita ku maliro ku Katete.

Ndiye kalatayo ikungonena kuti alamu sanachoke ndi mlandu, thonje likayambanso kugulidwa atha kufunsiranso. Si lonjezo ayi, asathamangire ngongole ya feteleza podalira pepalalo.

Ena munati n'chimodzimodzi ndi reinstate. Apa ndikukana. Wolembedwanso ntchito amasaina kontrakiti yatsopano, malipiro atha kusintha, ndipo kawirikawiri zaka zake za pantchito amayamba kuziwerenga kuchokera pomwepo. Reinstate ndi kubwezera munthu pa udindo wake womwewo ngati kuti sanachotsedwe n'komwe, makamaka akachotsedwa mopanda chilungamo. Zimenezo ndi nkhani za ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti, potsatira malamulo monga Employment Code Act ya 2019.

Rehire amaikonda kwambiri ku America. M'makalata a kuno mupezanso re-engage kapena re-employ, tanthauzo ndi lomwelo. Nambala ya NAPSA (bungwe la penshoni la kuno ku Zambia) yokha sisintha, akabwerera apereke yomweyo.