Mnyamata wa pa housemanship akufuna reference koma kwatuluka ma screenshot akale, ndipange bwanji?

Adokotala a ana: Abale anga madzulo abwino, pali nkhani yandisowetsa mtendere ndipo ndikufuna maganizo anu. Ndili ndi mnyamata amene wakhala pansi panga pa housemanship (zaka zoyamba zomwe dokotala watsopano amagwira ntchito moyang'aniridwa), pano akumaliza chaka chachiwiri, mwana wathu yemwe, agogo ake anabwera kuno nthawi ya chitaganya iye nkukulira muno mu Harare koma Chichewa amalankhula bwinobwino. Wandipempha ndimulembere reference poti PLAB 1, gawo loyamba la mayeso omwe madokotala akunja amalemba kuti akagwire ntchito ku UK, anakhoza kale ndiye akukonzekera zofunsira ntchito ku UK. Pantchito ine ndilibe naye chifukwa, akakhala pa call sasowa, ma notes amalemba omveka, azimayi a ana ku wodi amamukonda. Ndiye dzulo munthu wina wanditumizira ma screenshot a zomwe analemba pa Facebook mu 2016 ali ku A level, zonyoza anthu achialubino, tangoganizani nthawi yomwe ija kumudzi ku Malawi anthu amenewa ankasakidwa nkumaphedwa, ina yoseka anthu omwa ma ARV. Zonyansa ndithu sindingazibwereze pano. Wonditumizirayo akuti azipereka ku council ya madokotala. Kodi zimenezi zingamuonongeredi ntchito? Nanga ine reference ndilembe kapena ndikane?

Sister a ku maternity: Ine adokotala zandipweteka kumva. Kuno timabereketsa amayi omwe ali pa ma ARV tsiku ndi tsiku, ena amabisa mankhwala mu chikwama kuopa apongozi, ena amasiya kumene kumwa chifukwa cha manyazi omwe anthu ngati ameneyu amawabweretsa. Ndiye munthu woseka zimenezo lero wavala stethoscope? Musafulumire kumukhululukira chifukwa choti ndi wathu. Ifeyo kuno tatukwanidwa kokwanira kuti mabhurandaya, timadziwa kuwawa kwake, mwana wotuluka m'nyumba ngati zathuzi samayenera kulemba zotero.

Achimwene a ku pharmacy: Asisi ndikukumvani koma tiwerengenso zaka, 2016 mnyamatayu anali ndi zaka 17 kapena 18, ku medical school asanapondeko, wodwala asanamugwirepo ndi mmodzi yemwe. Council imaweruza anthu omwe ali m'kaundula wake, iye nthawi imeneyo anali mwana wa sukulu chabe. Sindikuti zomwe analembazo nzabwino ayi, koma tikati aliyense aweruzidwe ndi zomwe analemba ali ku form 6 ma wodi ambiri atsala opanda anthu.

Sister a ku maternity: Zaka 18 si khanda achimwene. Voti amaponya.

Achemwali a ku Manchester: Mundilole ndilowepo poti njira imeneyi ndinadutsamo. Ku GMC, council ya madokotala ya ku UK, safunsa kuti munalembapo chiyani pa Facebook, funso loterolo pa fomu palibe. Chomwe amafuna ndi certificate of good standing, kalata yonena ngati muli ndi mlandu kapena ayi, yochokera ku council iliyonse yomwe munalembetsako m'zaka zisanu zapitazi, kwa iyeyu ndiye MDPCZ ya ku Zimbabwe, ndipo kalatayo imagwira ntchito miyezi itatu yokha. Kenako pali mafunso oti munayamba mwapezekapo olakwa kukhoti, munalangidwapo ku medical school kapena kuntchito, pali kafukufuku wina amene akuchitika pa inu panopa. Ndiye onani pomwe pali ngozi. Positi ya 2016 payokha siifika ku GMC. Koma wonditumizirayo akakadandaula ku council, council nkutsegula fayilo, basi zikhoza kuoneka pa good standing kuti pali nkhani yomwe sinathe ndipo iye akuyenera kuinena pa fomu. Akanena, amamufunsa zambiri, zinthu zimachedwa, koma munthu amatha kudutsa. Akabisa nkudzadziwika pambuyo ndiye wadzipha yekha, kuno bodza la pa fomu amalitenga ngati mlandu waukulu kuposa chomwe umabisacho, ma tribunal a MPTS oweruza milandu ya madokotala omwe amakhala konkuno ku Manchester nkhani za kusakhulupirika sazitenga mopepuka mpang'ono pomwe, anthu amachotsedwa nazo m'kaundula.

Chinanso, malangizo a GMC otchedwa Good medical practice omwe anayamba kugwira ntchito mu January 2024 amanena poyera kuti khalidwe la dokotala pa intaneti liyenera kufanana ndi la pamaso, ndipo ali ndi kabuku kapadera ka za social media. Ndiye ngati mnyamatayu akadalembabe zoterozo atayamba kale udokotala, imeneyo ndi nkhani ina kotheratu.

Bambo a ku lab: Funso langa ndi lomwelo. Adokotala mwaona za 2016 zokha kapena mwayang'ana tsamba lake lonse? Chifukwa wotumiza screenshot amasankha zomwe akufuna kuti muone. Pitani nokha mukaone za 2019, 2021, za chaka chatha. Munthu amene anasiya amaoneka, amene akupitiriza mobisa amaonekanso, makamaka mu ma comment a pa ma positi a anzake, anthu amaiwala kuti nawonso amakhalapo.

Achimwene a ku pharmacy: Nanga za apolisi? Ndikumva anthu akuopsezana ndi Cyber and Data Protection Act masiku ano.

Amayi a ku admin: Lamulo limenelo linabwera kumapeto kwa 2021, ndipo zoona muli zoletsa kuzunza munthu pa intaneti ndi kufalitsa zodana ndi anthu chifukwa cha mtundu wawo. Koma Constitution ya 2013 imati munthu sangapezeke wolakwa pa chinthu chomwe sichinali mlandu panthawi yomwe ankachichita, ndiye za 2016 nzovuta kuzikokera pa lamulo la 2021. Akangozigawanso lero ndiye wazipanga zatsopano. Kumudzi nako kuli Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, anthu amamangidwa nayo pa zolemba za pa Facebook ndi WhatsApp, ndiye asaganize kuti akawoloka malire zatha.

Koma ine mantha anga sali kupolisi, ali pa ma interview. Ndakhalapo pa ma panel olemba anthu ntchito ndipo ndikuuzeni chilungamo, dzina timalilemba pa Google tisanamuitane munthu, palibe amene amazilemba mu minitsi koma zimachitika. Pakakhala anthu awiri ofanana mapepala, uyu ali ndi zonyansa pa intaneti uyu alibe, mukuganiza titenga uti? Ndipo wosiyidwayo sadzauzidwa chifukwa chake, angolandira kalata yoti pepani. Umo ndi momwe zinthu zakalezi zimapwetekera anthu ambiri, mwakachetechete, osati ku council. Kumbukirani ku Harvard mu 2017 ana osachepera khumi anawalanda malo omwe anali atawapatsa kale chifukwa cha zithunzi zonyoza zomwe ankatumizirana mu gulu la pa Facebook, gulu loti ankaliyesa lachinsinsi. Ndipo akadzafuna America, fomu ya visa kuyambira 2019 imafunsa maina onse omwe wagwiritsa ntchito pa social media m'zaka zisanu.

Adokotala a ana: Bambo a ku lab mwandithandiza, ndalowa pa tsamba lake ndayenda nalo mpaka pansi. Zonyoza zija zinathera mu 2017, kuchokera apo palibenso, moti mu June wina anagawa uthenga wa tsiku loganizira anthu achialubino lija la pa 13 June. Koma ndapeza china chomwe wonditumizira uja sanachione nkomwe. Chithunzi cha 2021 ali student, wadzijambula mu wodi usiku walemba zoti watopa, kumbuyo kwake kukuoneka bedi, nkhope ya wodwala ikuoneka pang'ono ndipo tchati cha pa bedipo ukakulitsa chithunzi dzina likuwerengeka.

Achemwali a ku Manchester: Eee ndiye ichi ndi chomwe chingamugwetse adokotala, kuposa za 2016 zija. Apa palibe zoti anali mwana, anali kale m'chipatala, chinsinsi cha wodwala anali ataphunzitsidwa. Council iliyonse, kaya MDPCZ, kaya Medical Council of Malawi, kaya HPCSA ku Joni yomwe inatulutsa malangizo ake a social media mu 2019, pa chinsinsi cha wodwala onse amayankhula chimodzimodzi. Achotse usiku womwe uno.

Bambo a ku lab: Koma kuchotsa sikuoneka ngati akubisa umboni?

Amayi a ku admin: Zimatengera nthawi yake. Pakadali pano palibe dandaulo lomwe lalembedwa, palibe amene wamuuza kuti asunge kanthu, ndipo chithunzi cha wodwala tsiku lililonse chikakhala pamenepo wodwalayo akupitiriza kulakwiridwa, ndiye kuchichotsa ndi udindo wake. Chomwe achite nchakuti asanachotse asunge kope yake pamalo otetezeka, alembe tsiku lomwe wachotsa ndi chifukwa chake, auze inuyo adokotala ngati womuyang'anira mwa kalata kapena email. Akadzafunsidwa adzanene kuti inde chinalipo, ndinachiona kuti ncholakwika, ndinachotsa tsiku lakuti, ndinauza akuluakulu anga. Kubisa ndi pamene munthu wachotsa kenako nkumati sindinalembepo. Za 2016 nazonso achotse momwemo, pa Facebook pali Activity log amatha kusefa chaka ndi chaka, ayang'anenso X ngati anali ndi Twitter kale, ndi ma akaunti akale omwe anaiwala password. Adziwe chabe kuti ma screenshot ali kale m'mafoni a anthu ndipo amenewo sangawafufute.

Sister a ku maternity: Zonsezi mukukamba ndi zomuteteza iyeyo. Nanga anthu omwe anawanyozawo? Ine sindikufuna mwanayu ataye ntchito, madokotala tikuwasowa, koma ndikufuna adziwe chomwe anachita. Munthu wachialubino akabwera ku clinic ndi chilonda cha pakhungu chomwe chachedwa mpaka kusanduka khansa, nthawi zambiri anachedwa chifukwa amatopa ndi kuyang'anidwa komanso kusekedwa pa mzere. Adokotala mukakhala naye pansi musangomuuza kuti fufuta. Mumufunse kuti akaona lero zomwe analembazo akumva bwanji, ndipo mumvetsere bwino yankho lake. Akayamba zoti inali nthabwala chabe, anthu akukokomeza, ine ndingati reference musalembe.

Achimwene a ku pharmacy: Apa asisi ndagwirizana nanu. Ndipo ngati angapepese asalembe chikalata chachitali pa Facebook choti aliyense aone, zimenezo zimangodzutsa anthu omwe sankadziwa nkomwe. Apite kwa amene watumiza ma screenshot ngati ali munthu woti zinamukhudza, akapepese pamaso.

Bambo a ku lab: Komanso adokotala wonditumizirayo ndi ndani kwa iye? Sindikuti tipeputse nkhani, zomwe analemba analembadi, koma munthu wosunga screenshot zaka zonsezi nkuitulutsa pamene mnzake wakhoza PLAB, pakhoza kukhala zina. Ngati akufuna ndalama kuti akhale chete mnyamatayo asapereke ngakhale dola imodzi, asunge mauthengawo apite kwa loya.

Adokotala a ana: Ndi mnzake wa ku sukulu, mng'ono wake ndi wachialubino. Za ndalama sanatchule, ndikuona ngati ndi mkwiyo weniweni womwe wakhala nawo nthawi yaitali, ndipo sindikumuweruza.

Achemwali a ku Manchester: Ndiye pa reference paja. Mafomu ambiri a kuno amafunsa za ntchito yomwe mwaiona ndi maso anu, kenako amafunsa ngati pali kafukufuku kapena chilango, ena amawonjezera kuti pali chilichonse chokudetsani nkhawa pa khalidwe lake. Inunso muli ndi dzina loti muliteteze, musalembe bodza kuti mumuthandize. Lembani zomwe mwaona ku wodi momwe zilili. Pa funso la chilango ngati palibe lembani palibe. Pa la nkhawa, ngati mwakhala naye pansi ndipo mwakhutira, mutha kulemba mwachidule kuti panali chithunzi cha nthawi ya u student chomwe chinaonetsa wodwala, anachivomereza, anachichotsa, munakambirana za chinsinsi cha odwala ndipo simunaonenso vuto. Kuno amakonda kwambiri munthu amene akuonetsa kuti wazindikira kulakwa kwake ndipo wachitapo kanthu, amamulembetsa zomwe waphunzirapo, ndiye ayambiretu kulemba tsamba limodzi m'mau ake, lidzamuthandiza pa interview akadzafunsidwa mwadzidzidzi. Ndipo mumuuziretu zomwe mulembe asadzadabwe.

Amayi a ku admin: Muonenso malamulo a pachipatala panu, malo ena nkhani ya chithunzi cha wodwala imayenera kufika kwa clinical director ngakhale itakhala yakale. Ndi bwino ikafike kudzera mwa inu ndi mnyamatayo kusiyana ndi kuti ikafike kudzera pa WhatsApp ya munthu wina. Ngati dandaulo lipite ndithu ku council asayankhe yekha mothamanga, afunse kaye loya kapena akuluakulu a ku ZiMA, bungwe la madokotala a muno mu Zimbabwe.

Adokotala a ana: Zikomo nonse, ndamuimbira, chithunzi cha ku wodi wachotsa ndili pa foni pomwepo ndipo kope wasunga. Za 2016 sanakane, anangoti chete kanthawi kenako akuti amazikumbukira ndipo ankaopa tsiku ngati ili. Mawa tikamaliza round tikhala pansi mu ofesi, ndimufunsa funso lanu lija Sister, kenako tipitira limodzi kwa clinical director. Mnzake uja wavomera kukumana naye Loweruka ine ndilipo, sanalonjeze kuti ku council sapita ndipo sindimukakamiza. Reference ndiyamba ndaiimika mpaka sabata ya mawa. Achemwali munditumizire ku inbox kabuku ka GMC ka social media kaja ndimupatse awerenge tisanakumane.

Achemwali a ku Manchester: Ndatumiza. Muuzeninso kuti good standing asaitanitse pano, adikire kaye nkhaniyi ione kolowera poti miyezi itatu ija siichedwa kutha.