Dogwood wanga akuuma, ndithandizeni

Nachimaluwa: Abale ndithandizeni. Ndinadzala mtengo wa dogwood zaka ziwiri zapitazo koma chaka chino masamba akupsa m'mbalimu ngati awauka ndi moto, nthambi ziwiri zam'munsi zauma kale. Ndimathirira tsiku ndi tsiku madzulo ndi payipi, feteleza ndinathiranso koma ayi ndithu, mtima ukundiwawa chifukwa ndimaukonda kwambiri mtengowu.

WapaDimba: Pepani mayi. Feteleza siyani kaye, mtengo wodwala sufuna zimenezo. Mizu ya dogwood imayenda pamwamba, dzuwa likaomba siichedwa kuuma, ndiye thirirani kamodzi pa sabata koma madzi ambiri alowe pansi, komanso musamanyowetse masamba madzulo, matenda a masamba amakonda chinyezi chimenecho. Yalani masamba ouma kapena tizidutswa ta makungwa mozungulira mtengowo, mulu wake ukhuthale 5 mpaka 8 cm, zisakhudze tsinde.

Mthunzi: Taonani bwino patsinde pansi penipeni, sanakhapepo ndi sikwakwa potchetcha udzu? Pachilonda ndi pomwe mbozi zoboola mtengo zimalowera. Ngati masamba ali ndi madontho abulauni okhala ndi m'mbali mofiirira, akhoza kukhala matenda a fangasi otchedwa anthracnose, dulani nthambi zoumazo ndipo masamba ogwa muzisesa n'kuwotcha. Mtundu wa dogwood wotchedwa Cornus florida ndi umene umagwidwa kwambiri ndi matendawa, mtundu wa Cornus kousa umapirira. Laimu musathire, dogwood amafuna dothi la asidi pang'ono.

Nachimaluwa: Eee ndapita kukaona, khungwa lasupuka mbali imodzi ndipo pali timabowo tokhala ndi utuchi. Pamenepa ndipangepo chani?