Foni ikuti mvula yagwa, kabichi akufota

A Phiri (Ruwa, kufupi ndi Harare ku Zimbabwe): Anzanga oyang'anira minda, ndithandizeni. Abwana akuti tisathirire kabichi lero chifukwa foni yawo ikuonetsa mamilimita 20 a dzulo. Chopimira mvula chathu chili pa 3 basi, ndipo ndikapisa chala m'nthaka ndi fumbi lokhalokha. Wonama ndani?

Nabanda: Wonama palibe, achimwene. Foni sipima mvula pamunda panu. Imatenga zomwe kompyuta yalosera, ndipo kompyutayo imagawa dziko m'mabokosi, nambala imodzi bokosi lonse. La ECMWF, bungwe la ku Ulaya lolosera nyengo, ndi pafupifupi makilomita 9 m'lifupi, la CHIRPS, njira yoyerekeza mvula yomwe yagwa podalira satelayiti, pafupifupi 5. Pomwe mtambo wa mabingu wamasana umatha kukhala makilomita ochepa chabe, ola lisanathe waphwa. Ukhuthula ku Mabvuku, kufupi nanu komweko, mpaka ngalande kusefukira, inu ku Ruwa kungomva kugunda.

A Mwale: Ndiye mafoniwa tiwasiye, mayi?

Nabanda: Ayi, onani kaye mtundu wa mvula. Ya mu Januwale, ITCZ (dera lomwe mphepo za kumpoto ndi za kum'mwera zimakumana n'kubweretsa mvula) ikatsikira kuno, imaphimba makilomita mazanamazana ndipo imakhala masiku, pamenepo foni ndi chopimira sizisiyana kwambiri. Zikuluzikulu zimalosereka bwino koposa. El Niño (kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kawirikawiri kumabweretsa chilala kuno) wa 2023/24 adadziwika miyezi ingapo dzinja lisanayambe, ndipo mu 2024 Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse adalengeza kuti chilalacho ndi ngozi yadziko. Koma kufunsa foni ngati mabingu a mawa agwera munda uno kapena wa mnansi, n'kuifunsa zomwe siingathe.

A Gama (Norton): A Phiri, chopimira chimodzi sichikwanira pafamu yaikulu. Ikani zitatu m'ngodya zosiyana, kutali ndi mitengo ndi denga la shedi, mtunda wake ukhale kawiri kutalika kwa mtengowo, mwinanso kuposa. Muziwerenga 8 koloko m'mawa tsiku lililonse. Kwa abwana musapite ndi nambala ya tsiku limodzi, mungokangana. Phatikizani masiku 10 kapena mwezi, kusiyanako kumachepa. Zothirira ndiye tsatani nthaka.

A Phiri: Nanga siteshoni ya zanyengo ya ku Belvedere, mu Harare, ndingaidalire?

A Gama: Pa kutentha kwamasana inde, sikusintha msanga ndi mtunda. Pa mabingu ayi, ili kutsidya lina la mzinda. Chisanu cha mu Juni nachonso musadalire Belvedere, mpweya wozizira umatsetserekera kudambo usiku, tomato wam'munsi kupserera, wakumtunda ali bwinobwino.

A Phiri: Zikomo akuluakulu. Pampu ndayatsa, abwana ndawatumizira chithunzi cha chopimira ndi dothi m'manja.