Kodi buledi wa ku France ndi ma croissant amakoma chonchija chifukwa chani?

wa_pa_Kamuzu_Road:
Anzanga thandizeni. Ine ndimaphika mandasi ndi masikono ogulitsa konkuno ku Salima, ndiye sabata yatha alamu anga amene amagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay anandibweretsera croissant imodzi ndi kachidutswa ka buledi wamtali uja amati baguette. Abale inu! Ukaluma kunjaku kumachita kuthetheka, nyenyeswa mbwee pachitenje, koma mkati mofewa muli timabowo timabowo, shuga sakumveka koma ukungofuna kudyabe. Ndayesa kawiri ndi fulawa, yisiti ndi majarini, zikungotuluka zolemera ngati masikono anga omwewa. Amathiramo chani anthu amenewa?

mphwanu_wa_ku_Dwangwa:
Achemwali, mu baguette mulibe chachilendo. Ku France kuli lamulo la 1993 loti buledi wotchedwa wachikhalidwe akhale wa fulawa, madzi, mchere ndi chotupitsa, osathira mankhwala osungitsa komanso osamuumitsa mufiriji. Chimene chimakometsa ndi nthawi. Ife timathira yisiti wambiri kuti pakatha ola limodzi zitupe tithamangire kumsika, pomwe iwo amathira pang'ono kwambiri nkusiya zokandazo pozizira usiku onse zikufufuma pang'onopang'ono. Taganizani kondoole wa kwathu ku Nkhotakota kuno, chinangwa chimayamba chagona m'madzi masiku angapo ndiye kafungo kaja nkumabwera, mukachivuula msanga nsima yake simungaikonde. Fulawa nayenso ndi choncho. Chinanso madzi amachulutsa, zokandazo zimamata m'manja mpaka umaona ngati walakwitsa, koma timabowo mwatchulato timachokera pamenepo. Uvuni ukhale wamoto kwambiri, madigiri 240 kapena 250, ndipo mukhale nthunzi poyambirira kuti chikhokho chikhale chopyapyala. Ikani kachitini ka madzi otentha pansi. Mpaka bungwe la UNESCO linaika luso lophika baguette limeneli pa mndandanda wake wa zikhalidwe zofunika kusungidwa mu 2022.

anganga_a_Chipoka:
Za buledi anena bwino, koma croissant ndi nkhani ina mwana wanga. Ndinagwirapo kukhitchini ku Johannesburg ndipo ndikuuzeni, majarini ayi, pamafunika batala weniweni, wa ku France amakhala ndi mafuta 82 peresenti kapena kuposa. Ndipo simumusakaniza ndi fulawa ngati pamasikono. Mumamukuta mkati mwa zokandazo ngati kalata muenivelopu, nkupsinja ndi chibotolo kapena mpini, nkupinda patatu, kubwezera mufiriji theka la ola, kupsinjanso kupindanso, maulendo atatu, mapeto ake batala uja wayalana timizere 27. Muuvuni timadzi ta mu batala timasanduka nthunzi nkumakankha timizereto kuti tilekane, ndi chifukwa chake imapepuka nkumasendeka ngati anyezi.

Vuto lathu kunyanja kuno ndi kutentha. Mu Okutobala batala amasungunuka musanamalize nkupsinja komwe, akangolowerera mu fulawa basi mwapanga sikono. Ine ndinayesapo Novembala wina, magetsi anathima ndili pa kupinda kwachiwiri, ndinangokhala pampando nkumaona mafuta akuyenderera pathebulo, batala wodula ngati uja, mtima unandiwawa tsiku lonse. Yesani mu Juni kapena Julaye nthawi ya mwera, cha m'ma 4 koloko m'mawa.

kaphatenga_07:
Komatu croissant inayambira ku Vienna ku Austria, a ku France anangoikonza nkukhala momwe ililimu. Ine ndinganene kuti yambani ndi buledi amayi, safuna batala, ndipo mudye tsiku lomwelo chifukwa mawa lake amauma gwaa.

wa_pa_Kamuzu_Road:
Zikomo nonse, za kondoolezo ndiye zandilowa. Ndikanda usiku uno ndi kayisiti kochepa, ndiika poto wake m'beseni la madzi ozizira poti firiji ndilibe. Anganga, uvuni wanga ndi wa njerwa wa nkhuni, kachitini ka madzi kaja ndikaike moto usanaphulidwe kapena nditachotsa kale makala?