Ndani akudziwa mbiri ya parishi ya Msoro?

Abale ndi alongo, tithandizeniko. Achinyamata a mpingo wa Anglican tikulemba kabuku ka mbiri ya parishi ya Msoro, kuno ku Mambwe, m'dziko la Zambia. Zoti wansembe Leonard Kamungu anagwira ntchito kuno mpaka kumwalira mu 1913 tinazilemba kale. Pomwe tatsamwa ndi pa mtsinje wa Lupande. Dzinja likafika madzi n'kusefukira, akhristu a tsidya lina ankafika bwanji kutchalitchi? Ankaoloka pa bwato, kapena ankangopempherera kwawo mpaka madzi ataphwera? Nanga ilipo midzi ya Akunda imene inasamuka chifukwa cha madzi kapena njovu? Amene muli ndi agogo okumbukira bwino, kapena zithunzi zakale, ngakhale zodyedwa ndi chiswe, tiuzeni, tibwera tokha pa njinga.