Kusamva ludzu: asing'anga a ku China amapereka chiyani?

Nabanda: Akuluakulu, munthu amene tsiku limatha osalakalaka madzi, mankhwala azitsamba a ku China amamuthandiza bwanji? Ndamva za Wu Ling San, ndi omwewo?

Gondwe: Ayi mayi, si amenewo. Buku la sing'anga wakale wa ku China Zhang Zhongjing, lotchedwa Shang Han Lun, la cha m'ma 200 AD, limapereka Wu Ling San kwa amene akumva ludzu. Wosamva ludzu atatuluka thukuta amamupatsa Fu Ling Gan Cao Tang. Kwa asing'anga a ku China kusamva ludzu si matenda paokha, ndi chizindikiro cha kuzizira kapena chinyezi m'kati. Ndiye amayamba ayang'ana lilime. Likakhala lotuwa, lotupa, m'mbali muli zidindo za mano, m'mimba mukuzizira komanso kutsegula, amapereka Li Zhong: ginseng, jinja wouma, muzu wa bai zhu ndi gan cao (muzu wotsekemera, licorice m'Chingerezi) wokazinga mu uchi, zonse muyeso wofanana, masiku ano pafupifupi magalamu 9 chilichonse. Viikani kwa mphindi 30 mu mphika wadothi, osati wachitsulo, muwiritse pamoto wochepa mphindi 30, musefe, muthirenso madzi n'kuwiritsa kachiwiri. Sakanizani, mumwe kawiri kapena katatu ofunda. Bukulo limati pakapita kanthawi mumwe phala lotentha, musavule zofunda.

Chisale: Onjezani apo a Gondwe: lilime likakhala ndi zoyera zokhuthala zonanda, mimba yodzaza, thupi lolemera, chimenecho ndi chinyezi, ndipo ginseng amangowonjezera kutupidwa. Pamenepo amapereka Ping Wei San, mankhwala okhala ndi muzu wa cang zhu.

Mbewe: Zonsezo n'zoona, koma tisathamangire mphika. Okalamba ambiri ludzu limazilala pomwe thupi likuuma, ndipo fu ling (mtundu wa bowa wa mu Fu Ling Gan Cao Tang) ndi cang zhu, zomwe zimachotsa madzi, zingawapweteke. Onani mkodzo: ukakhala wochepa ndi wakuda, m'kamwa mouma, munthu akuchita chizungulire kapena kusokonezeka, mupatseni madzi kapena ORS moyang'ana wotchi, kenako kuchipatala akayeze sodiyamu (mchere wa m'magazi) ndi impso. Gan cao akamwedwa masabata angapo amakweza BP ndi kutsitsa potaziyamu, mchere wina wa m'magazi. Amene akumwa mapiritsi okodzetsa kapena digoxin (mankhwala a mtima) asamuyandikire.

Gondwe: Ndipo wina akakuuzani za Si Ni Tang, dziwani kuti muli fu zi, muzu wapoizoni. Ngakhale wokonzedwa kale amayamba kuwiritsidwa wokha mphindi 30 mpaka 60. Milomo ndi lilime zikachita dzanzi, mtima n'kumadumpha, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.